Chidindo cha m'kati mwa kimono

"Maluwa a matcheri ndi masamba ofota pa kimono imodzi?" anaseka Mayi Kuwabara, akuloza zojambula pa mkanjo wa Chijapani umene mpongozi wawo anavala, alendo a tiyi onse akumva. "Fumie, wojambula ameneyu sadziwa nyengo. Malemu amuna anga, akatswiri ojambula pa kimono aja, akanamulanda burashi. Waitola pakaunjika, eti?"

"Inde amayi, pakaunjika," anayankha Fumie, mkazi wa mwana wawo. "Inali pamtolo umene munachotsa m'nyumba muno chaka chatha."

Fumie anapinda pang'ono mpendero wam'kati wa kimonoyo, pamene wojambula amadinda dzina lake.

"Tawerengani, amayi. Ine zalusozi sindizidziwa."

Mayi Kuwabara anayang'anitsitsa chidindo chofiiracho. Linali dzina la amuna awo. Alendo anangozyolika, aliyense maso m'kapu mwake.

"Tiyiyu wazizira," anatero mayiwo.