Timadontho pa Mkono wa Mkamwini

Mayi Telala anali ndi mapini asanu kukamwa pamene anaona timadontho pamkono wa mnyamatayo. Pang'ono awameze onse.

Linali Loweruka lachinayi akumuyeza suti yaukwati mphunzitsi wa masamu amene ankafuna kukwatira mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo. Zokagula suti m'sitolo mayiwa anazikana kwamtuwagalu. Zaka makumi atatu akutchenetsa akwati a eni, ndiye mkamwini wawo akavale zopachika pahang'ala? Tsiku limenelo analinso atavala magalasi awo oyamba, amene mwana wawoyo anachita kuwakakamiza atatopa ndi kuwalowetsera ulusi pasingano. Tsopano ankaona chilichonse: fumbi pamakina, imvi zawo pakalilole, ndi izi zomwe sanazifune.

Mphunzitsiyo anali atavula jekete losamalizalo n'kutsala ndi malaya a manja aafupi. Mkati mwa mkono, kuchokera m'khwapa kutsika mpaka pachigongono, munali timadontho tondondozana. Tina tinali tofiira, tina takuda ta nkhanambo, ndipo pena khungu linali litabiriwira.

Pomwepo anakumbukira. Mwezi wapitawo namwino anabwera kumsonkhano wa makolo kudzafotokoza za mankhwala osokoneza bongo. Zithunzi zake Mayi Telala sanazione bwino, koma mawu anawasunga onse: zipsera za jekeseni zondondozana, thukuta lopanda chifukwa, kunjenjemera, maso ofiira.

Anamuyang'ana mnyamatayo kuyambira kumutu. Thukuta linali kamukamu pomwe fani ikuzungulira. Zala zinkanjenjemera. Maso anali psuu. Anakumbukiranso kuti akafika pashopupo amayamba waima kaye pakhomo n'kupuma mozama ngati munthu wolowa kwa dokotala wa mano, ndipo akamamuyeza amangoluma mlomo osatulutsa liwu. Iwo masiku onsewa ankanyadira kuti apeza mkamwini wofatsa. Kani kufatsa kwake n'kumeneku!

Chinawawawa kwambiri n'chakuti iwo ankamukonda mnyamatayo. Ukwati unali utatsala milungu iwiri, makadi atagawidwa kale, diresi la mkwatibwi lili lende pakhoma. Koma mwana amene anamulera okha, phazi lili pamakina, sakanamupereka kwa munthu wa majekeseni. Bola anthu aseke.

Anachotsa mapini kukamwa, limodzilimodzi, n'kukatseka chitseko.

"Bambo, takhalani pansi."

Mphunzitsiyo anakhala m'mphepete mwa mpando, manja ali pamawondo.

"Ine si munthu wa miseche, ndimafunsa mwini wake. Zimenezi zinayamba liti?" Analoza mkonowo ndi sizasi.

Mnyamatayo anaubisa msanga kumbuyo. "Aa, si kanthu, amayi. Zimapola zokha."

"Ndati zinayamba liti?"

"Patha milungu itatu, amayi."

"Kangati?"

"Kamodzi pamlungu basi. Poyamba zinkawawa, koma pano ndazolowera."

"Mwazolowera! Mayo ine! Nanga mwana wanga akudziwa?"

"Akudziwa, amayi. Ndi amene amanditsuka tizilondato. Anati tisakuuzeni, mungakhumudwe."

Mayi Telala anakhala pamulu wa nsalu. Mpaka mwana wawo, kumubisira mayi wake nkhani ngati imeneyi! Analira pang'ono, koma magalasi anachita nthunzi, ndiye analeka. Kenako ukali unawabwerera. Anaugwira mkono uja n'kuuyang'anitsitsa ndi diso la ntchito yawo. Timadonthoto tinali pamzere wowongoka bwino, totalikirana mofanana. Munthu sangadzibaye yekha mwaluso choncho, m'khwapa momwe. Panali wina, katswiri, amene ankawononga ana a eni.

"Tamverani, bambo. Inuyo tikuthandizani, kuchipatala ndikuperekezani ndekha. Koma ukwati uno suchitika mpaka mundiuze amene amakubayani. Mutchuleni. Ameneyo lero akagona kupolisi."

Mphunzitsiyo anayang'ana pansi, kenako anayang'ana kudenga.

"Pepani, amayi, ndi inuyo. Mukamagwiriza mkono wa jekete, mapini aja mumalowetsa ndi khungu lomwe. Ndiye ine ndimaona kuti kukuwa pamaso pa apongozi si ulemu."