Madzi Amatuluka Tikavina

Kwathu kuno madzi amatuluka anthu akavina. Pansi pa bwalo anakwirira zitsulo, mapazi akamagunda batire ya pampu imadzaza. Musandifunse zambiri, inenso sindizimvetsa.

Loweruka masana inali nthawi yoyamba kuti mwana wanga Tiyese aike nyimbo pabwalopo. Akuti ndi dijeyi tsopano. Ndinamuuziratu: "Iwe, uike zimene anthu amazidziwa. Pakhomo palibe ndi dontho lomwe."

Anayamba bwino. Azimayi anamanga zitenje m'chiuno, mpope ukukhuthula madzi. Kenaka anaika yakeyake, ija amamvera kuchipinda, yopanda ng'oma, yomveka ngati munthu akukoka mpando pasimenti. Anthu anaima. Mpope unatsokomola n'kuuma, ndowa yanga ili theka.

"Amake Tiyese, makina afa kapena ndi nyimbo?" anafunsa a Chagunda, achikulire oyandikana nafe.

"Akuti ndi nyimbo."

Ndinapita patebulo pake. "Sintha!"

"Amayi, dikirani ifike pokoma."

"Pokoma ndi pati? Mzere wa ndowa uwo sukuuona?"

"Ndikamangoika zawo zokhazokha, ine ndabwera kudzatani?"

Chala chake chinali pa batani, osadina, misozi ili lengelenge. Basi ndinalowa m'bwalo ndekha, kumangoponda paliponse, osadziwa ngati ndikutsogola kapena ndikutsalira. A Chagunda anaseka mpaka kutsamwa, kenaka analowa ndi ndodo yawo.

Madzi anayamba kutuluka ngati ulusi.

"Yafika pokoma, amayi!" anakuwa Tiyese.

Ine sindinamve kusiyana kulikonse, koma sindinaime.