Mchenga Wotsala Pomanga Manda

Georgina anali atangomaliza kuzungulira bwalo la mpira la ku Ndeke kachisanu pamene anaona apongozi ake ataima pagolo, kolona ili m'manja.

"Amake Purity, namfedwa sathamanga," anatero mayiwo. "Zakuda simunavule, koma Kitwe yonse ikukuonani mukudumphadumpha."

Georgina anapukuta thukuta ndi nsonga ya duku lake lakuda. Pamapazi pake panali thumba la makilo twenty loti alinyamule kumsana akatha kuthamanga.

"Mpikisano wothamanga ndi katundu uja tinalembetsa awiri, amayi, ine ndi mwana wanu, a Henry. Wina akatopa, mnzake amamulandira katundu. Kwatsala masabata atatu."

"Nanga m'thumbamo mwaikamo chiyani?"

"Mchenga umene unatsala pomanga manda awo."

Mayiwo analiyang'ana thumbalo nthawi yaitali. Kenaka anakoleka kolona m'khosi, nagwada pafumbi, nalinyamula ndi manja awiri ngati mwana amene wagona.

"Weramani, mwana wanga," anatero. "Ameneyu woyamba kumubereka ndine. Sanali wopepuka."