Sipuling'i ya Sitandi

Khofi linamupeza makaniko Linus ali chogwada, akumangitsa waya womaliza pa batire la njinga yamoto.

"Msonkhano wayamba kale ku Kabwazi, iwe ukadali kusisita njinga yanga?" anakalipa a Chimphepo, wapampando wa chipani pa Chimbiya.

"Mawaya ndatha, bwana, anadyeka ndi dzimbiri. Koma sitandiyi..."

Jombo inamutera m'nthiti, nagubuduka m'fumbi. Amayi ogulitsa kachewere m'mbali mwa msewu anayang'ana kumbali.

"Wachipani akamalankhula, munthu sayankha! Wamva?"

"Ndamva, bwana, kungoti sitandiyo..."

Chibakera chinamutseka pakamwa. Linus analavula magazi pamodzi ndi dzino.

A Chimphepo anakwera, nakankhira sitandi yoimikira njingayo m'mwamba ndi chidendene. Njinga inalira kamodzi n'kamodzi, iwo n'kuithamangitsa ngati yakuba. Pakona yoyamba, atangopendekera kumanzere, sitandi inagwa yokha n'kuzika m'dothi. Njinga inatembenuzika, n'kuwaponyera pamiyala ya m'ngalande.

Anthu anawanyamula pachitseko n'kuwagoneka pakhonde pa Linus, podikira galimoto ya kuchipatala. Fupa la mwendo linali litatulukira pabuluku.

"Iwe galu, wandipha!" anabuula. "Sitandi yanga waitani?"

Linus anatambasula dzanja limene anafumbata chiyambire kumenyedwa. Munali sipuling'i yogwira sitandi, imene anali asanabwezeretse.

"Nanga bwanji sunanene? Yankha!"

Linus anapukuta milomo yake yotupa, n'kukhala chete. Wachipani anali akulankhula.