Amiba Wopanda Banja

"Nanga uyu timuike pashelefu iti?" anafunsa wothandizira pulofesa.

Anzake a mulabu anali akuvula kale magolovesi kuti akadye, osamuitana, monga mwa masiku onse.

Wothandizira pulofesayo anatsala atanyamula kambale kagalasi. Kwa zaka zinayi ankaponyamo njere ya mpunga Lolemba lililonse kuti amiba wa m'menemo, kachilombo ka selo imodzi, asafe ndi njala. Tsono m'mawa umenewo zotsatira za DNA zinafika. Amibayo ankangofanana nkhope ndi anzake a pashelefu, koma chibale panalibe. Pansi pa pepala la zotsatirazo pulofesa anali atalemba kuti: "Si wa banja limene tikufufuza. Tayani."

"Mwalera mwana wa eni, asisi!" mmodzi anaseka ali pakhomo, chitseko n'kutsekeka.

Wothandizirayo anasuzumira pa maikulosikopu. Amibayo ankatambasula kaphazi kake pang'onopang'ono, kulunjika kumene kunalibe aliyense.

Iye anamatula kapepala ka dzina lakale la amibayo ndi chikhadabo, n'kukulunga kambaleko mu mpango wake.

"Uyu ndikupita naye kunyumba," anaiuza mipando.