Sikelo Yochiritsa

"Anesi, muvi wa sikeloyi sukubwerera pa ziro," anatero mayi wina amene mwana wake anagonekedwa m'chipatala.

"Mayi, mwabwera kudzadwazika matenda kapena kudzatiphunzitsa ntchito?" anayankha namwino, maso ali psuu ndi tulo. Anamukoleka mwanayo pasikelopo n'kulemba. "Anenepatu abwanawa! Mawa mukutuluka. Mkaka wachipatala uja musiyireko ena."

Kalaliki wa ziwerengero, amene ankakopera manambalawo pakompyuta, anamwetulira. "Mwezi uno ana onyentchera achira pafupifupi onse. Zimenezi zimapita kutali, mayi, mpaka kumabungwe a zaumoyo a dziko lonse. Atiwombera m'manja."

Mayiyo anabwerera pabedi n'kumuvula mwana malaya. Nthiti zinali poyera monga tsiku lomwe anafika, timikono ngati timitengo. Analibenso mphamvu zokangana. Anayamba kulongedza matewera m'chikwama, atatsimikiza zonyamuka kusanache kupita kuchipatala china, chasikelo ina.

"Achemwali, mukachoka osatsanzika akulembani kuti mwathawa," ananong'ona mayi wa pabedi loyandikana.

"Sangatero," anayankha akumanga chikwamacho. "Alemba kale kuti wachira."