Mpando Umodzi Panja

Lole ya parishi inaima pa nyumba yatsopano itanyamula bedi, tebulo ndi mipando iwiri. Mpingo unagwirizana ndi bungwe lina kuthandiza ife a ku Nachisaka amene mvula inatigwetsera nyumba. Yathu inagwera mkazi wanga n'kumupha.

Loweruka lotsatira akuchikazi amayenera kundisudzula kuti ndibwerere kwathu ku Ntchisi. Chilichonse cholowa m'nyumba chimatsala kuchikazi, monganso ana.

"Lowetsani zonse," anatero alamu anga, a Godwin.

Akatekisiti amene anabwera ndi loleyo anayang'ana ine. Mwana wanga Lines anali atagwira kale mwendo wa bedi.

"Zonse zilowe," ndinatero, "koma mpando umodzi utsale panja. Ndizikhalapo ndikabwera kudzaona ana."

A Godwin anaunyamula okha mpandowo. Kenaka anakauika pamthunzi wa mango.